Faiba Yafika, Koma Zingwe Zonse Zikuthera M'chipinda cha Alamu

Aphungu,

Ndine mayi wa ana awiri, ndipo kalata ino ndikuilemba pa foni nditakhala pabalaza, chifukwa m'nyumba yathu yonseyi ndi pano pokha pomwe intaneti imandidziwa kuti ndine mwini wake. Chonde musandiseke. Kapena sekani, koma mukamaliza mundithandize, chifukwa ntchito yanga ili pachiswe.

Nditayenda ndi mapepala m'maofesi mpaka nsapato kutha zidendene, ndinapeza ntchito yoyankha mafoni a makasitomala a kampani ina. Ndimagwirira kunyumba, m'kachipinda ka kumapeto kwa kolido komwe kale tinkasungiramo njinga za ana. Mafoniwo amabwera pa kompyuta, ndiye intaneti ikangotsokomola pang'ono, kasitomala amatsala akuyankhula yekha. N'chifukwa chake tinaitanitsa faiba, intaneti yothamanga ija imene imabwera ndi kachingwe kowonda. Ndinkati mavuto anga atha.

Bambo a kunyumba ndi kalaliki pa kampani yosunga katundu, koma anzawo amawatchula Injiniya, dzina limene analilandira ndi manja awiri osadziwa kuti akuwanyogodola. Chilichonse chimene amasula, pochibwezera pamatsala tizitsulo tiwiri titatu, iwo n'kumati timeneto n'tongokongoletsa. Pamene nyumba inkamangidwa, anayendetsa okha zingwe za intaneti m'makoma ndi m'siling'i, chipinda chilichonse kabowo kake kolumikizira. Apa ndisawanamizire, zingwezo n'zabwino, ngakhale anthu a faiba anaziyamikira, ndipo chiyamikiro chimenecho bambo amachinenabe kwa mlendo aliyense. Zingwe zonsezo zimakathera m'kabati ya m'khoma m'chipinda chapakati, momwe muli kabokosi kogawira intaneti kuzipinda, kamene amati swichi. Kabokosiko kamafuna magetsi. M'chipindamo munali masoketi awiri a magetsi, koma imodzi anaikonza Injiniya, ndipo chikonzereni sinagwirenso. Yatsala imodzi, ya m'kabatimo.

M'chipinda chimenecho tsopano mumagona alamu anga, achemwali awo aakulu a bambo. Anapuma pa ntchito ya unamwino, ndipo ngakhale ana athu amawatchula a Matroni. Anabwera kudzangokhala pang'ono denga la nyumba yawo likukonzedwa. Nthawi imeneyo mwana wanga wamng'ono ankakwawa, pano akudzimanga yekha zingwe za nsapato. Amati mlendo ndi mame, koma mame athuwa dzuwa linawalephera. Ndi iwo amene analera bambo makolo atamwalira, ndi iwo anawaphunzitsa sukulu, ndipo sachedwa kukumbutsa. Chipinda chawo amakhoma, kiyi n'kuponya m'thumba la diresi. Kusesa amasesa okha. Ali ndi ketulo yawo, makapu awo ndi simbi yawo yamagetsi, chifukwa amati zathu n'zodzaza majeremusi. Ndi munthu wadongosolo kwambiri, chinthu akachichotsa amachibwezera pomwe anachipeza.

Tsiku limene a faiba anabwera, mkulu wawo anafunsa komwe zingwe za m'nyumba zimakumana, nati kabokosi katsopano ndi bwino kakhale komweko. Bambo anatsogola monyadira, kulunjika pa chitseko cha alamu. Ine ndinali pambuyo ndikuona. Anakweza dzanja kuti agogode. Mkatimo a Matroni anatsokomola. Dzanja lija linakhota n'kukakanda kumutu, bambo n'kutembenuka, nati, "Ayi, tangoikani pabalaza, ndi pomwe pamapita mphepo yabwino." A faiba anali ndi nyumba zina zowadikira, sanafunsenso. Anabowola khoma pafupi ndi zenera, anakhoma kabokosi kawo, anaika rauta, kachipangizo kofalitsa wayifai, pa shelefu pambali pa zithunzi zathu zaukwati, n'kumapita.

Pabalaza intaneti ndi mphezi. Koma wayifai yake ikangolowa m'kolido imayamba kutsimphina, ndipo pofika ku kachipinda kanga imakhala yamwalira kalekale, chifukwa makoma athu ndi a njerwa zenizeni. Ndinayesa kugwirira ntchito pabalaza pomwepo, koma masana a Matroni amaonera kanema pamenepo, ndipo saonera mwakachetechete. Tsiku lina kasitomala anamva mawu kumbuyo kwanga akukuwa kuti, "Msiye mwamuna ameneyo, chitsiru iwe!" Anali alamu akulangiza mtsikana wa mu filimu. Kasitomalayo anakadandaula kuti ndamutukwana.

Ndinapempha bambo kuti tingogula chingwe chachitali, chichoke pa rauta, chidutse m'kolido mpaka kwa ine. Anakana kwamtuwagalu. Anati nyumba yawo si galaja yoti zingwe zizikwawa pansi, pomwe iwo anakwirira zingwe zamakono m'makoma ndi manja awo. Ndiye tsiku lina alamu atapita kukayezetsa maso n'kuiwala kukhoma, bambo analowa m'chipindamo monyang'ama ngati wakuba m'nyumba yakeyake, anayatsa swichi ija, anasomeka chingwe chochokera pabalaza, n'kutuluka thukuta lili kamukamu. Pabalaza analumikiza rauta ndi kabowo ka pakhoma. Aphungu, zinagwira! Ndinasomeka kompyuta yanga pakhoma, mawu a makasitomala n'kumamveka ngati ali m'chipinda momwemo. Tsiku limenelo ndinawaphikira bambo ngati mlendo. Koma alamu sanauzidwe kanthu, ndipo bambo anandichenjeza kuti ndisayerekeze kuwauza kuti munthu analowa m'chipinda chawo.

Chiyambireni, intaneti ya m'kachipinda kanga imabwera n'kumapita ngati ili ndi banja lina. M'mawa, nthawi imene mafoni amachuluka, imazima. Ndikatuluka m'kolido mutu utaima, ndimangomva fungo la zovala zositidwa likutuluka kunsi kwa chitseko cha alamu. Pakapita kanthawi yabweranso yokha. Chakumasana yazimanso, ketulo ikuwira kuseri kwa khoma. Chodabwitsa n'chakuti nthawi zonsezo pabalaza imakhala ikugwira bwinobwino.

Bambo afufuza, ndisawachotsere ulemu. Poyamba anati ndi mitambo. Kenako anati aneba akutibera, ndipo asintha pasiwedi kambirimbiri moti pano ngakhale iwo eni saidziwa. Anagula timabokosi tiwiri towonjezera mphamvu ya wayifai, timene timangophethira m'kolido osawonjezera kalikonse. Anakumba rauta yathu yakale n'kuisomeka m'chipinda cha ana, ndipo tsiku limenelo ngakhale kanema wa pabalaza anasokonekera. Kenako anati ndi makoswe, nakwera m'siling'i ndi tochi. Khoswe sanampeze, koma mwendo wawo unatulukira pamwamba pa tebulo lodyera, ndipo bowolo lilipobe. Nditangoyamba kunena kuti, "Kodi si mwina achemwali anu akamasita..." anandidula. Anati, "Iwe, zamagetsi uzisiyire ozidziwa." Koma maso awo anali pa chitseko chija, mawu atawatsitsa.

Sabata yatha bwana wanga, mtsikana woti ndikanatha kumubereka kumsana, anandiimbira. Anayankhula mwaulemu woopsa uja. Anati makasitomala atopa kudulidwa pakamwa, ndipo zikachitikanso mpando wanga aupereka kwa wina, poti ofuna ntchito ndi ambiri. Aphungu, ndinalira. Ntchito imeneyi ndinaivutikira, ndipo ndi imene ikutigwira pakhomo pano. Ndikuopa kwambiri.

Tsopano bambo abwera ndi nzeru yatsopano. Akuti Loweruka likubwerali adula kachingwe ka faiba kaja panja, akawonjezere ndi waya wotsala pomanga nyumba, apotokole bwinobwino, amange ndi tepi yakuda, azungulitse kuseri kwa nyumba mpaka pa zenera langa, abowole khoma, kabokosi ka faiba kasamukire kwa ine. Makwerero abwereka kale. Akuti waya ndi waya basi.

Funso langa ndi ili: kodi pali njira yolumikizira faiba ndi zingwe zathu zakalezi popanda kudzera m'chipinda chapakati chija? Ndipo nzeru ya bamboyi ingagwire?

Ine wothedwa nzeru,
T.W.G., wa m'tauni muno

*

Mayi T.W.G.,

Mwandiloleza kuseka, ndaseka. Pa mwendo wa m'siling'i paja ndinachita kuika kalata yanu pansi. Tsopano pukutani misozi timvane, chifukwa Loweruka silili kutali.

Ndiyambe ndi funso lanu lachiwiri, poti ndilo likuyaka moto. Ayi, nzeru ya Injiniya singagwire. Lero lomwe, musanayambe n'kuphika komwe, sonkhanitsani pulayala, sizasi, mpeni wa buledi ndi chodulira zikhadabo, mukazisungitse kwa aneba amene mwakhala mukuwanamizira kuba aja. M'kachingwe ka faiba mulibe waya. Muli kaulusi ka galasi kowonda ngati tsitsi, ndipo chimene chimayendamo ndi kuwala. Sikapotokoledwa, sikapindidwa pakona ngati chingwe choyanikira zovala, ndipo tepi yakuda sikaidziwa. Amuna anu akakadula, nyumba yonse ikhala chete, pabalaza pomwe, mpaka eni ake adzabwere ndi makina awo olumikizira, ndipo adzabwera tsiku lowakomera iwo, osati bwana wanu. Muwauzenso amuna anuwo kuti asadzasuzumire kumapeto kwa kachingweko kuti aone ngati muli moto, kuwala kwake sikuoneka koma kumawononga diso. Ngati kabokosi kayenera kusamuka, osamutsa ndi amene anakaika.

Tsopano funso loyamba. Mayi, mwandifunsa za njira yosadzera m'chipinda chapakati. Munthu amene sakudziwa pomwe pali minga safunsa njira yozungulira. Inu vuto mukulidziwa. Mwalilemba nokha, ndi fungo lake lomwe, kenako mwalidutsa mutayang'ana kumbali. Soketi ndi imodzi. Simbi ikufuna soketi, ketulo ikufuna soketi. Alamu anu amazula kabokosi kophethira kamene sakukadziwa, amasita, amamwa tiyi, ndipo poti ndi munthu wadongosolo amakabwezera pomwe anakapeza. Nayo intaneti yanu ya banja lina ija. Faiba ilibe mlandu, mitambo ilibe mlandu, makoswe a m'siling'i muwapepese.

Amuna anunso akudziwa. Musanyengedwe ndi tochi ndi makwerero. Munthu amene anayendetsa yekha zingwe m'nyumba yonse, n'kuzilumikiza zonse pa swichi, sangalephere kudziwa chimene chimachitika swichiyo ikazulidwa. Bamboyu walolera kuthyola siling'i, kukangana ndi aneba, kudzitsekera kunja kwa pasiwedi yakeyake, ndipo tsopano akufuna kuzungulira nyumba yonse ndi waya, zonsezi pothawa kugogoda chitseko chimodzi cha m'nyumba mwake. Khoswe akakhala pamkhate sapheka, n'zoona, koma ine sindinaonepo munthu akugumula nyumba yonse kuti khosweyo asadzidzimuke.

Ndipo musafulumire kuwapanga a Matroni kukhala mfiti ya nkhaniyi. N'zotheka ndithu kuti ndi ovuta, mayi wolangiza anthu a mu filimu ndikumuona bwinobwino. Koma pa mlandu uwu manja awo ndi oyera. Ndani anawauza kuti kabokosi kaja ndi kamene kakudyetsa banja? Palibe. Munawalowera m'chipinda mozemba, munawadyera soketi yawo yokhayo, n'kumayembekeza kuti alota. Munthu amene wagwira ntchito m'chipatala moyo wake wonse amadziwa bwino lomwe kuti pali mapulagi ena osazula. Akungofunika kuuzidwa kuti iyi ndi imodzi mwa amenewo.

Nazi zochita. Mawa m'mawa, osapempha chilolezo kwa munthu, kaguleni chingwe chachitali chija munakanizidwa. Yezani kolido ndi mapazi, muwonjezereko pang'ono. Mbali imodzi musomeke kumbuyo kwa rauta, pa timabowo tofanana tondandalikana tija, osati pa kabowo kapayekha kamene kalandira chingwe chochokera ku kabokosi ka faiba. Mbali inayo musomeke pa kompyuta yanu. Chiyendetseni m'mbali mwa khoma, muchigwiritse ndi tepi kuti ana ndi alamu asapunthwe. N'chonyansa, inde. Chisiyeni chinyanse. Bambo akati nyumba yawo si galaja, muwalozere bowo la pamwamba pa tebulo, musanene kanthu. Chingwe chimenecho sichidzera m'chipinda cha munthu aliyense, ndipo ndicho chigwire ntchito yanu kufikira nkhani yeniyeni itakambidwa. Mukatero muimbireni bwana wanu, mumuuze kuti gwero la vuto mwalipeza ndipo mwalitseka. Mabwana amakonda kumva zimenezo kusiyana ndi kulira.

Rauta yakale ija ichoke m'chipinda cha ana. Atambala awiri salira m'khola limodzi, ndipo marauta awiri onse akamadziyesa mutu wa nyumba, makompyuta amasowa womumvera. Timabokosi ta m'kolido tija tizuleninso. Timangobwereza zimene tamva, ndiye tikamva zonong'ona timabwereza zonong'ona.

Kenako chitseko. Sankhani masana, alamu atadya, atakhuta, filimu isanayambe. Amuna anu akhale kutsogolo, inu pambali pawo, pafupi mokwanira kuti dzanja likayamba kukhotera kumutu muliwongole. Mawu ake si ambiri. Anene kuti, "Achemwali, ndinakulakwirani, ndinalowa m'chipinda mwanu osakuuzani. Kabokosi ka m'kabatika ndi ka ntchito ya alamu anu, kakazima iwo achotsedwa ntchito." Basi. Adzakalipa, musakayike. Adzakumbutsa matewera onse amene anachapa ndi sukulu yonse imene anaphunzitsa. Zimenezo mwazimvapo kale ndipo palibe anamwalira nazo. Imani pomwepo mpaka mvula ikate.

Chitseko chikatseguka, pali kanthu kakang'ono kamene kathetse nkhani yonse. Kumasitolo a zamakompyuta amagulitsa kolumikizira zingwe ziwiri, kachidutswa kapulasitiki kokhala ndi bowo uku ndi uku, kosafuna magetsi ngakhale pang'ono. M'kabatimo pezani chingwe chochokera pabalaza ndi chopita ku kachipinda kanu. Ngati Injiniya sanazilembe, ndipo ndikudziwa kuti sanazilembe, wina azule chingwe pakhoma la pabalaza, kenako la m'kachipinda kanu, wina aone kagetsi kamene kazime pa swichi. Ziwirizo zichotseni pa swichi, muzilumikize mwachindunji ndi kachidutswa kaja, muzimate pepala lolembedwa. Kuyambira pamenepo intaneti yanu idzangodutsa m'chipinda cha alamu osapempha moto, ndipo iwo angathe kusita mpaka makatani ndi masokosi a aneba. Zipinda zinazo zizidikira swichi, ana sadzafa chifukwa chosowa makatuni pa nthawi ya tiyi. Chingwe chonyansa chija mudzachikulunge, koma musachitaye.

Soketi yachiwiri ija, imene inafera m'manja mwa Injiniya, itanani wamagetsi weniweni adzaidzutse. Musagule adaputa yotchipa n'kusomekapo simbi, ketulo ndi swichi pamodzi m'kabati yotseka yodzaza zovala. Pamenepo mudzataya zambiri kuposa ntchito.

Pali chinanso chimene simunandifunse, koma ndikuuzani poti kalata mwalemba nokha. Mwawaseka amuna anu mokwanira, ndipo akuyenera kusekedwa. Koma tsiku lija dzanja lawo linakhota pa chitseko, inu munali pambuyo pawo, manja anu awiri ali bwinobwino. M'mawa uliwonse mumaima m'kolido kununkhiza fungo la simbi, chitseko chili pamphuno panu, n'kubwerera kukalira pa kompyuta. M'nyumba mwanumo oopa a Matroni ndi awiri, kusiyana kwake n'kwakuti winayo ali ndi makwerero. Ulemu kwa alamu ndi chinthu chabwino, ndipo mayi amene analera mwamuna wanu ayenera kulemekezedwa. Koma kumubisira munthu wamkulu zoona ngati mwana wodwala si ulemu, ndi mantha ovala jekete. Ngati pofika Lachisanu bambo adzakhale akukandabe kumutu, gogodani nokha. Ntchito ndi yanu.

Za denga la nyumba ya alamu, limene lakonzedwa nthawi yokwanira kumanga tchalitchi, mudzandilembere padera. Lero tipulumutse kaye mpando wanu.

Chenjezo langa ndi ili. Mukapitiriza kuyenda chonyang'ama m'kolido mwanumwanu, foni idzadukanso, ndipo kamtsikana kaulemu kaja sikadzaimbanso kawiri. Tsiku limenelo amuna anu adzauza anzawo kuti inali netiweki. Inu mudzakhala pabalaza masana onse, pa intaneti yothamanga ngati mphezi, mukufufuza ntchito ina. Ndipo a Matroni, atavala diresi yositidwa bwino, kapu ya tiyi ili m'manja, adzakuyang'anani kuchokera kumutu mpaka kumapazi, n'kufunsa mlongo wawo chifukwa chimene anakwatirira mkazi wongokhala.

Aphungu